Rula ya Malemu a Yankholimodzi

Mu msewu wathu munali munthu amene ankadana ndi zinthu zozungulira monga mmene ena amadanirana ndi apongozi awo. Gudumu, mbale, chivundikiro cha poto, wotchi ya pakhoma, zonsezi kwa iwo zinali zigawenga zoyenera kupanikizidwa ndi mafunso. Anali mphunzitsi wa masamu wopuma pa ntchito, wamfupi, wa dazi lonyezimira loti ntchentche ikatera inkaterereka. Kulikonse ankayenda ndi rula yaitali yathabwa, ija yojambulira mizere pa bolodi, imene sukulu inaiwala kuwalanda tsiku lotsanzikana. Dzina lawo lenileni linafa kalekale eni ake akali moyo. Tonse tinkangoti a Yankholimodzi.

Akapeza chinthu chozungulira ankatsika pa njinga, n'kuimika rula ija chilili patsogolo pake, n'kutsinzina diso limodzi ngati wolasa mbalame.

"Mayi, rulayi yadutsa m'mphepete mwa beseni lanu pangati?"

"Pawiri, aphunzitsi. Pamwamba ndi pansi."

"Seko ameneyo! Si fankishoni! Funso limodzi, yankho limodzi!"

Akatero ankakwera njinga yawo mtima uli mbee, kusiya mayi wogulitsa mabeseni ali kukamwa yasa, osadziwa ngati katundu wake watukwanidwa kapena wadalitsidwa.

Tsono inu amene munathawa masamu podumpha pawindo monga tinachitira enafe, musachite mantha, nkhani yake ndi yaifupi. Seko ndi dzina la kusukulu la mzere wozungulira ngati gudumu. Fankishoni, malinga ndi a Yankholimodzi, ndi munthu woona mtima: ukamupatsa nambala imodzi amakubwezera nambala imodzi, basi, osati azikanda m'mutu n'kumati mwina iyi, mwina iyo. Rula ija inali wapolisi wawo. Ikaima chilili n'kukhudza mzere pamalo amodzi, mzerewo ndi wachilungamo. Ikakhudza pawiri, wagwidwa.

Sanalekere pa mabeseni. Tsiku lina anafunsa telala kuti buluku lawo litha liti.

"Mawa, aphunzitsi. Kapena mkuja."

"Seko!"

Anafunsa woitanira minibasi ngati galimoto ikunyamuka. Iye anati ikunyamuka pompano, ingodzadza kaye.

"Seko wa mawilo anayi!"

Posakhalitsa liwuli linalowa m'makomo. Mwamuna akachedwa kubwera, n'kunena kuti anali ku ntchito, kenaka n'kusintha kuti anali kozonda wodwala, mkazi sankavutikanso kufunafuna mawu. Ankangoti, "Seko iwe," n'kutseka chitseko. Maukwati angapo anagwedezeka ndi masamu amene eni ake sanawalembepo mayeso.

Koma wophunzira wawo weniweni, amene anameza chiphunzitso chonse osatafuna, anali a Lumo, wometa tsitsi wa pakona. A Lumo ndi bambo wamtali, wa ndevu zoduladula bwino, wokonda kuti akayankhula anthu azigwedeza mitu. Sukulu anailekera panjira, ndipo bala limeneli linkawanyerenyetsa moyo wawo wonse. Tsidya lina la msewu, maso ndi maso ndi shopu yawo, kuli mng'ono wawo wa bere limodzi, wokonza njinga, amene timamutcha a Sipoko. Awiriwa anakangana kalekale pa za nyumba ya malemu bambo awo, ndipo kuchokera pamenepo sankapatsana ndi moni womwe. M'mawa aliyense ankatsegula chitseko chake atayang'ana kumwamba ngati akuyeza mvula.

A Yankholimodzi anayamba kubwera kwa a Lumo kudzameta sabata ndi sabata. Kumeta chiyani, musandifunse. Mutu unali see ngati dzira. A Lumo ankawaveka nsalu m'khosi, n'kuyatsa makina, n'kumawayendetsa m'mwamba pang'ono mwa dazi kuti ulemu usachoke, uku ketulo ikuwira. Tsiku lina mkuluyo anatenga kachidutswa ka sopo n'kujambula seko pa kalilole.

"A Lumo, pa seko uyu ekisi ndi nambala yoyenda chopingasa, wayi ndi nambala yokwera kapena kutsika. Ekisi kuchulukitsa ndi ekisi, kuphatikiza wayi kuchulukitsa ndi wayi, zikwane 25. Ameneyo ndiye seko atavula malaya. Tsono ekisi akhale 3. Kodi 3 kuchulukitsa ndi 3?"

"Naini."

"Pa 25 tikachotsapo 9?"

A Lumo anayang'ana kudenga, milomo ikuyenda. "16."

"Nambala yanji ikadzichulukitsa yokha ipereka 16?"

A Lumo anayamba kuwerenga zala. Kasitomala amene anali atametedwa mbali imodzi anaiwala zoti akuchedwa.

"Folo!"

"Mwakhoza!" Anthu anaomba m'manja, a Lumo n'kutupa ngati buledi. "Koma folo ali ndi mnzake wa pansi pa ziro, mainasi folo. Nayenso akadzichulukitsa amapereka 16 yemweyo. Mwaona? Ine ndafunsa funso limodzi, 3. Seko wandiyankha pawiri, folo kumwamba, folo kunsi. Munthu wotere mungamusiyire mkazi wanu mukamapita ku ulendo?"

"Ngakhale nkhuku sindingamusiyire, aphunzitsi."

A Yankholimodzi anawayang'ana nthawi yaitali, n'kusisita rula ija pa maondo. "Ndaphunzitsa ana osawerengeka, a Lumo, koma mutu ngati wanu sindinauonepo. Ndikadzapita, rula iyi ndi yanu. Musauze munthu."

Usiku womwewo a Lumo anauza akazi awo, m'mawa mwake anauza msewu wonse kupatula tsidya lija. Seko wa sopo pa kalilole analetsa kumufufuta. Makasitomala ankadziona nkhope zitazunguliridwa ndi masamu, ndipo wodandaula ankauzidwa kuti ometa ena alipo kumsika. Rula ija inawalowa m'mutu a Lumo kuposa mmene nyumba ya bambo awo inawalowera. Anakhomeratu misomali iwiri pamwamba pa kalilole, poti idzakhale.

Zinthu zinayenda bwino mpaka m'mawa wina pamene mawu anachokera tsidya lina la msewu. Anali mawu oyamba a Sipoko kulankhula kwa mkulu wawo chikanganirane.

"Achimwene! Seko ndi fankishoni!"

Makina a Lumo anadya khutu la kasitomala pang'ono.

"Wati chiyani iwe?"

A Sipoko anali atagadamitsa njinga, mawilo m'mwamba. Anapaka choko pa vavu, kaja kopoperapo mpweya, n'kugwira gudumu. "Penyani. Ndazunguza kotala. Vavu ili pati? Apa, malo amodzi. Ndazunguza theka. Ili pati? Apa, malo amodzi. Funso limodzi, yankho limodzi! Seko ndi munthu wabwinobwino, achimwene, kungoti inu mumamufunsa mwachipongwe. Musamufunse za ekisi. Mufunseni kuti wazungulira bwanji."

"Iwe unalephera ndi kuwerenga masipoko omwe!"

"Inu mumameta dazi!"

Munthu wanzeru akanadzifunsa kuti kodi a Sipoko, amene anathawa sukulu mkulu wawo asanathawe, mawu oti kotala ndi ekisi awatola kuti. Koma a Lumo anali otanganidwa ndi kukwiya. A Yankholimodzi atabwera kudzameta, anawatulira nkhani yonse ngati mwana womenyedwa kusukulu.

Mkuluyo anapukusa mutu mwachisoni, n'kupsontha tiyi. "Musiyeni, a Lumo. Mng'ono wanu ndi munthu wabwino, koma girisi wamulowa m'mutu."

"Ndiye ndimuyankhe bwanji?"

"Mufunseni za 3. Akathawira ku vavu, mubwezeni ku 3. Ine ndizipita komweko ndi njinga yangayi, ndizimulalikira pang'onopang'ono. Mwina adzatembenuka."

Ndipo ankapitadi. Njinga yawo inali yolimba ngati chitseko cha ndende, koma sabata iliyonse inkadwala: lero tcheni chikulira, sabata yamawa belu lasasa mawu. A Lumo ankawaona akulowa kuseri kwa shedi ya a Sipoko, ketulo ya kumeneko ikufuka, n'kumauza makasitomala monyadira kuti, "Aphunzitsi apita kukagwira ntchito ya Mulungu."

Kuyambira pamenepo msewu wathu sunasowenso wailesi. M'mawa zitseko zikangotseguka, nkhondo inkayamba. "Folo ndi mainasi folo!" "Vavu ili apa!" Anthu anagawikana. Oyendetsa njinga zonyamula anthu anali mbali ya a Sipoko, poopa kuti akatsutsa awapopera mpweya wochepa. Ofuna kuoneka bwino Lamlungu anali mbali ya a Lumo, pakuti munthu sutsutsana ndi wogwira lumo pakhosi pako. Mayi wa mabeseni ankasintha chipani malinga ndi amene wamugula. Galimoto ikadutsa pakati, abale awiriwa ankadikira fumbi litsike n'kupitiriza pomwe analekera. A Yankholimodzi akamatsetsereka kuchokera kumtunda akuliza belu, onse awiri ankatembenukira komweko ngati ana oona bambo akuchokera ku tauni, koma mkuluyo pagulu sankaweruza. Ankangokweza rula m'mwamba n'kufuula kuti, "Funso limodzi, yankho limodzi!" Aliyense ankabwerera mu shopu yake atatsimikiza kuti wapambana.

Kenaka kunabwera ukwati wa mwana wamkazi wa a Sipoko. Azimayi anachonderera mbali zonse kuti kwa tsiku limodzi lokha masamu atsale kunyumba, ndipo a Lumo, monga bambo aakulu, anapatsidwa mwayi wolangiza. Anaimirira mu holo atavala jekete, n'kukonza kukhosi.

"Ana anga, banja lanu likhale fankishoni. Mwamuna mmodzi, mkazi mmodzi. Funso limodzi, yankho limodzi."

Holo yonse inaomba m'manja, ena n'kuimba mluzu. Akanakhala pansi pamenepo, bwenzi mpaka lero akuitanidwa m'maukwati. Koma anaona mng'ono wawo akumwetulira n'kumazunguza chala m'mwamba ngati gudumu, ndipo magazi anawakwera.

"Chondidandaulitsa ndi chimodzi," anatero, akusolola chipeso m'thumba la jekete. Anagwira dzanja la mkwatibwi, n'kuimika chipesocho pa mphete. "Taonani nonse. Chakhudza pawiri. Mwayamba banja ndi chinthu cha mayankho awiri."

Amayi a mkwati sanaphunzire za ekisi. Chimene anamva n'chakuti bambo aakulu a mtsikana aulula pagulu kuti mtsikanayo ali ndi mwamuna wina. Anakuwa, achibale awo anaimirira, mkwatibwi analira mpaka utoto wa m'maso unatsikira pa diresi, keke inagwa, ndipo a Lumo anatulutsidwa mu holo atagwidwa m'khwapa, miyendo ikupalasa m'mwamba, akufuulabe kuti, "Mufunseni za 3!"

Ukwati unapulumuka, koma mtsikana uja sanapondenso pakhomo pa a Lumo. Atabereka, mwana ankakametedwa kumsika, kudutsa pamaso pa shopu ya agogo ake aakulu. A Lumo ankaona kamutu kaja kakudutsa kali mizeremizere ngati munda wolimidwa ndi woledzera, mtima n'kumawawa, koma ankadzilimbitsa poyang'ana misomali iwiri ija.

"Ndataya mwana chifukwa cha choonadi, aphunzitsi," anadandaula tsiku lina.

A Yankholimodzi anayang'ana tiyi akuzizira m'manja. Ena amati tsiku limenelo anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena kanthu kena. Koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Rula ndi yanu, a Lumo. Shuga alipo?"

Anamwalira masana ena ali pa mpando pakhonde pawo, rula ili pa maondo, kapu ili pambali yopanda kanthu. Sanavutitse munthu. Pa maliro a Lumo analira kuposa achibale, ananyamula bokosi osalola kulandiridwa, ndipo anadabwa kuona mng'ono wawo mbali inayo akulira chimodzimodzi. Anaganiza kuti ndi chikumbumtima cha munthu amene anakana kutembenuka nthawi ikalipo, ndipo anamukhululukira pang'ono.

Anthu atabalalika ndipo masiku a chisoni atapita, a Lumo anavala jekete lija, n'kupita kunyumba ya malemu. Kumeneko kunatsala mwana wamkazi wa malemuwo, namwino wa pachipatala, mayi wosachedwa kuseka.

"Ndabwera kudzatenga rula, mwana wanga. Bambo ako anandilonjeza."

"Lowani, a Lumo. Mupezamo anzanu, nawonso abwerera rula yomweyo."

Pabalaza panali a Sipoko, nawonso mu jekete, zikhadabo atazikwecha mpaka kuyera. Rula inali pa tebulo pakati.

"Iwe ukutani muno?"

"Ndabwerera rula yanga, achimwene."

"Yako? Rula ya munthu amene unamutsutsa mpaka kumanda?"

"Kumutsutsa? Nanga za vavu zija mukuganiza ndinazitola kuti? M'chubu?"

A Lumo anafuna kukhala pansi koma anapeza kuti akhala kale.

"Anandiphunzitsa ndi iwowo," a Sipoko anapitiriza. "Choko chija n'chawo. Ankati mutu ngati wanga sanauonepo. Ankati ndikamakangana nanu, mukathawira ku 3, ndizikubwezani ku vavu. Ankati kwanu amapitako kukakulalikirani pang'onopang'ono. Ankati, mkulu wanu ndi munthu wabwino, koma..."

"Koma chiyani?"

"Koma sopo wamulowa m'mutu."

Namwino anayesetsa, tisamunamizire. Anagwira pakamwa, anayang'ana chithunzi cha bambo ake pakhoma, koma phwete linamupulumuka ndipo anaseka mpaka misozi.

"Pepani, abambo anga, pepani. Nonse awiri mukunena zoona. Mukafunsa seko kuti ekisi akakhala wakuti wayi ndi chiyani, amayankha pawiri, ndiye pamenepo si fankishoni. Mukafunsa kuti gudumu likazungulira mwakuti vavu ili pati, yankho ndi limodzi, ndiye imeneyo ndi fankishoni. Ndi mafunso awiri osiyana. Bambo ankadziwa zonsezi. Ankabwera kuno madzulo n'kumandisimbira, akuseka mpaka kutsokomola."

"Akuseka," anatero a Lumo.

"Osati mwachipongwe..."

"Ine ndikutulutsidwa mu holo ngati thumba la makala, iwo akuseka. Nanga osatiuza bwanji?"

"Ankati akakuuzani mlandu utha, ndipo mlandu ukatha, tiyi wa mbali zonse ziwiri atha." Namwino anapukuta m'maso. "Komanso ankati asanayambe zimenezi, inu awiri simunkapatsana ndi moni womwe. Ankati bola abale azitukwanizana kusiyana n'kumayang'ana mitambo."

"Ndiye chenicheni n'chiti? Tiyi kapena ife?"

"Mwina zonse ziwiri."

"Funso limodzi..." a Lumo anayamba, koma atakumbukira mwini wa mawuwo analekera pomwepo.

A Sipoko, amene nzeru zawo zimathera ku zitsulo, anati ali ndi sowo wabwino, angoidula rula ija pakati aliyense atenge theka. Namwino anati bambo ake ankanenadi kuti seko ukamudula pakati, theka la kumwamba palokha ndi fankishoni, la kunsi palokhanso ndi fankishoni.

"Ngakhale zimenezo anatibisira!" a Lumo anakuwa. "Ukaidula rula imeneyo, ine ndikudula makutu onse awiri."

"Ndiye itengeni, achimwene."

"Sindikuifuna! Rula ya seko!"

"Inenso sindikuifuna."

Namwino anainyamula n'kuchirikizira windo la kukhitchini limene linkangodzitsekera lokha. "Mukadzagwirizana, mudzabwere nonse awiri."

Zimene zinachitika mu shopu ya a Lumo madzulo amenewo anaziona ambiri, pakuti chitseko sanatseke. Anatenga chinsanza chonyowa n'kufufuta seko wa sopo uja, amene anakhala pa kalilole mpaka kuchita chikasu. Sopo anakana kuchoka, anasiya chizimezime, ndipo a Lumo anapala ndi lumo. Anazula misomali iwiri ija ndi pulayala, umodzi n'kubwera ndi chibuma cha khoma. Kenaka anaima patsogolo pa mpando wa pakona, umene malemu ankakhalapo, n'kuyamba kuuzenga mlandu.

"Ndinakumetani mpweya, inu! Magetsi anga ankathera pa dazi! Mkaka ndinkabisira ana anga kuti inu mumwe tiyi woyera. Ndinanyoza mphete ya mwana wa mng'ono wanga pamaso pa anthu, inu muli pa tebulo lapamwamba mukudya keke yotoledwa pansi. Munkatuluka muno pakamwa pali 3, mukawoloka msewu pakamwa pali vavu. Telala munamutcha seko chifukwa cha buluku. Nanga inu tikutcheni chiyani?"

Mpando sunayankhe, ngakhale yankho limodzi.

Akazi awo, amene anabwera ndi makiyi a kunyumba, anaima pakhomo manja ali m'chiuno. "Ine ndinkakuuzani, bambo. Munthu wadazi wobwera kudzameta sabata iliyonse ali ndi zolinga zina."

"Unandiuza liti?"

"Mumtima."

Chimene chinawapweteka kwambiri a Lumo sichinali ukwati uja, kapena mkaka. Anali mawu aja oti mutu ngati wanu sindinauonepo. Anawasunga pamalo pamene ena amasunga satifiketi, ndipo tsopano anadziwa kuti satifiketi yomweyo inaperekedwanso tsidya lina la msewu, kwa munthu wopukutira mphuno pa mkono wa ovolosi. Makasitomala akayamba kuseka za nkhaniyi, ankazimitsa makina n'kudikira, mutu wa munthu uli theka, mpaka kuseka kuthe. Mayi wa mabeseni atayamba kutchula malemu kuti Seko Wamkulu, a Lumo anamukalipira kuti alemekeze akufa, kenaka anabwerera mu shopu n'kukawatchula dzina lomwelo chapansipansi.

Abale awiriwa tsopano anagwirizana pa chinthu chimodzi, choti anapusitsidwa, ndipo atagwirizana anapeza kuti alibenso chokambirana. Anayambiranso kutsegula zitseko atayang'ana kumwamba. Msewu unangoti zii. Makasitomala ankagona pa mpando wometera. Oyendetsa njinga ankapopetsa mpweya n'kumapita osacheza. Telala ankalonjeza mawa kapena mkuja mopanda mantha, ndipo amuna ochedwa kubwera ankapereka mayankho atatuatatu popanda wowagwira. Tinazindikira kuti phokoso lija tinkalidandaula chabe, koma ndilo linkatidzutsa.

M'mawa wina a Lumo akutsuka zipeso, anaponya maso tsidya lina. A Sipoko anali okha, palibe kasitomala. Anali atagadamitsa njinga, akuzunguza gudumu pang'onopang'ono, n'kuliimitsa, n'kuyang'ana vavu, n'kulizunguzanso. Kachoko kaja kanali katatsala ngati njere ya mpunga, ndipo ankakagwira ndi nsonga za zala, kuopa kukamaliza.

A Lumo anaima pakhomo nthawi yaitali. Anakonza kukhosi.

"Komabe si fankishoni!"

A Sipoko sanadzutse mutu msanga. Anapukuta kaye kumaso ndi mkono wa ovolosi. "Bwerani mudzaone nokha, achimwene, ngati miyendo ilipo."

A Lumo anawoloka msewu, chipeso chili m'manja. Anachiimika chilili pa gudumu. "Pawiri!"

"Mwafunsa mwachipongwe. Vavu ili apa."

"Ndikufunsa za 3!"

"Mdzukulu wanu tsitsi lakula, akumumeta ngati mbuzi kumsika kuja. Ndimuuza mayi wake. Vavu ili apa!"

"Abwere Loweruka. Folo ndi mainasi folo!"

Anakwezerana mawu mpaka anthu anatuluka m'mashopu, mayi wa mabeseni akuthamanga kuti asaphonye. Mkangano utafika pamene unkafika nthawi zonse, pofunika woweruza, onse awiri anatembenukira kumtunda nthawi imodzi. Kunalibe belu, kunalibe dazi lonyezimira. Kunali galu akuwoloka msewu mosafulumira.

Rula ikadali pa windo la namwino, pakuti kugwirizana sanagwirizane, ndipo sindikuona kuti adzagwirizana. Mabeseni ali pompaja, ozungulira monga kale, popanda wowaimitsa n'kuwafunsa. A Lumo amanenabe kwa aliyense wofuna kumva kuti malemu aja anali wachinyengo wotheratu, ndipo sadzawakhululukira ngakhale kumwamba. Koma mpando wa pakona uja salola munthu kukhalapo, ngakhale shopu itadzaza anthu ena ataimirira, ndipo ketulo ikawira amatulutsa makapu awiri, n'kubweza imodzi mokwiya.

Tsiku lina kasitomala wina wosaopa lumo anawafunsa ali pa mpando.

"A Lumo, tiuzeni zoona. A Yankholimodzi aja mumawasowa, kapena mudakwiya nawo? Yankho limodzi."

Makina anaima. A Lumo anayang'ana pa kalilole, pamene chizimezime cha seko chimaonekabe dzuwa likalowa bwino.

"Mwafunsa mwachipongwe," anatero. "Weramitsani mutu."